Tsamba Limene Naguluu Anapukuta

Dzina loti Naguluu anamupatsa ndi anzake a kuntchito, ndipo linamukakamira mpaka mwamuna wake akafuna kumuputa ankamuitana lomwelo. Ntchito yake inali yomata. Mukamva choncho musathamangire kuganiza za nsapato kapena matayala a njinga, ayi. Mayi ameneyu ankamata masamba.

Ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo zomera zouma, chinyumba chakale cha mawindo aatali, chodzaza makabati achitsulo kuyambira pakhomo mpaka kukhoma la kumapeto, chonunkha mankhwala a njenjete moti ukaweruka anthu a m'basi ankakupatsa malo okwanira awiri. Otola zomera ankabwera nazo kuchokera kutchire zitapanidwa m'nyuzipepala, pakati pa matabwa awiri omanga ndi malamba. Zikauma zinkafika patebulo la Naguluu, pafupi ndi windo lachitatu. Iye ankachiyala chomeracho papepala lalikulu lolimba, n'kuchikonza kuti muzu, tsinde, masamba ndi maluwa zonse zioneke, kenako n'kumata, n'kuika kapepala ka nambala ndi malo ake pakona. Malamulo a ntchitoyo anali awiri. Loyamba, tsamba limodzi uzilitembenuza kuti wodzaphunzira aone kunsi kwake. Lachiwiri, kanthu kalikonse kothothoka, kaya ndi njere kaya ndi kaduwa, sutaya; umakaika m'kaenvulopu n'kumata pambali.

Manja anatengera bambo ake, telala amene ankatha kumasula msoko wonse chifukwa cha ulusi umodzi wokhota. Alendo akabwera, a Dokotala, mkulu wa nyumbayo, ankatsegula kabati n'kutulutsa mapepala a Naguluu. "Taonani izi," ankatero, "ngati chamera pomwepa." Naguluu ankayang'ana pansi ngati wamanyazi, koma mumtima ankavina. Zaka makumi awiri ndi chimodzi anamata osamva mawu oti walakwitsa, ndipo zaka zimenezo ankaziwerenga yekha.

Mnzake weniweni panyumbapo anali a Chipewa, wotola zomera wamkulu. Chipewa chawo chinali chansalu, dzuwa litachidya mtundu kalekale, ndipo ena ankalumbira kuti amasamba nacho. Sukulu sanapite nayo patali, koma maso, abale! Galimoto ili paliwiro ankatha kukuwa, "Imani, imani!" n'kutsika, n'kubwerera wapansi kukazula kaudzu kamene dalaivala sanakaone n'komwe. Akafika patebulo la Naguluu ankayamba ndi chipongwe.

"Anaguluu, ine ndapha kale. Inu ikani m'manda mwaulemu."

"Mukadzamwalira inuyo ndidzakumatani ndi chipewa chomwe," ankayankha Naguluu. "Mwendo umodzi ndidzautembenuza, ophunzira adzaone ming'alu."

Tsono pali timaluwa tina ta kutchire, ta mtundu wa pepo, pakati pachikasu, timene mabuku amatitcha asita. Inu ndi ine timatiponda pothamangira basi. M'makabati a nyumbayo munali mitundu inayi ya timaluwa timeneti, yofanana ngati ana a mimba imodzi atavala yunifolomu, ndipo a Chipewa ankaitchula ngati anthu. Wina ali ndi tsinde lofiira. Wina timamba ta pansi pa duwa lake timapindikira kunja ngati zikhadabo za mphaka. Wina masamba ake ndi opyapyala. Wachinayi, amene amamera m'mbali mwa msewu, padzala, ngakhale mumng'alu wa simenti, ankamutcha Paliponse. Panalinso wachisanu, wongopezeka m'buku lakale atajambulidwa ndi pensulo, amene panali patadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi munthu osamuona. Za wachisanuyu Naguluu sankazidziwa. Iye zake zinali guluu ndi lumo. Zotchula mayina ankati n'za anthu a magalasi.

Chaka china mvula inagwa yosaleka, ndipo chuku chinalowa m'makabati awiri. A Dokotala anakalipa mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno. Sanatchule munthu, koma Naguluu anazitenga ngati zake, popeza mapepala odyekawo anali omata iye. Anagula burashi yofewa ndi botolo la sipiliti, n'kulumbira kuti choyera chilichonse chimene angachipeze patsamba chiona zakuda.

Mwezi womwewo kampani ina inkafuna kusalaza kamtunda kena, kuseri kwa fakitale yakale ya njerwa, kuti pakhale poimika malole. Asanayambe, panafunika kuti anthu a zomera akaone ngati pamalopo palibe chosowa. Anatuma a Chipewa. Bamboyo anabwerako akuyenda ngati mnyamata amene mtsikana wamulola. Chimene anatola anachiumitsa okha, osalola munthu kukhudza matabwa, ndipo chitauma anadzaika nyuzipepala imodzi patebulo la Naguluu ndi manja awiri.

"Uyu ndi mwana wanga, mumusamale," anatero. "Ndazula mmodzi yekha, chifukwa pamtunda ponse paja alipo asanu ndi awiri basi."

"Ndi chiyani chimenechi?"

"Musandifunse. Mudzamva pamsonkhano. Ndikufuna a Dokotala adzagwe pampando."

M'mawa mwake a Chipewa anatumidwa ulendo wina wa masabata awiri. Naguluu atatsegula nyuzipepala ija anaseka yekha. Mwana wake uti? Paliponse weniweni, yemwe uja wa padzala! Koma atatembenuza tsamba kuseka kunatha. Kunsi kwake kunali mbee. Anatembenuza lina, chimodzimodzi. Masamba onse, mpaka ting'onoting'ono ta pafupi ndi duwa, anali atayera kunsi.

"Kalanga ine, a Chipewa," anadandaula Naguluu, "mwana wanu wadwala chuku."

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa mayiyu sanachite mwankhanza. Anaganiza kuti mkuluyo, pofuna kuumitsa yekha mobisa, sanasinthe nyuzipepala zonyowa, ndipo a Dokotala akaona chuku adzamuyalutsa pagulu. Anati amubisire mnzake manyazi. Tsiku limenelo sanapite kukadya. Anagwira tsamba limodzi limodzi ndi kopanira, kulipukuta ndi burashi, kenako kulidutsitsa kathonje konyowetsa ndi sipiliti. Choyeracho chinali chokakamira kuposa chuku chimene ankachidziwa, ndipo mtima unamuuzako pang'ono kuti ima kaye, koma dzanja lozolowera silimva msanga. Pofika nthawi yoweruka masamba onse anali see. Anamata bwinobwino, n'kutembenuza tsamba limodzi monga mwa lamulo, loyeretsedwa koposa onse. Fumbi loyera lija, pamodzi ndi tinjere tingapo tothothoka, sanaziike m'kaenvulopu, poopa kuti chuku chingafalikire. Anazikulunga m'kachidutswa ka nyuzipepala n'kuponya m'thumba la chijasi chake cha ntchito kuti akazitenthe panja. M'thumbamo munali kale ulusi, malezala ndi zotsekera mabotolo, ndipo kaphukusiko kanaiwalika momwemo.

Msonkhano unachitikira m'chipinda chowerengera. Kutsogolo kunali a Dokotala ndi amuna awiri a kukampani, mafayilo ali pamiyendo, akuyang'anayang'ana mawotchi chifukwa ntchito yawo inali itaima masabata atatu. Antchito anakhala pamabenchi, Naguluu kumbuyo kwenikweni kwa a Chipewa. Mkuluyo ataimirira anavula chipewa, ndipo anthu anagwirana m'nthiti poona dazi limene anali asanalionepo.

"Abale anayi aja mumawadziwa," anayamba a Chipewa. "Lero ndakubweretserani wachisanu, wa m'buku uja. Pamwamba mungati ndi Paliponse. Duwa lomwelo, tsinde lomwelo. Koma mutembenuze tsamba. Paliponse kunsi ndi wosalala ngati chikhatho. Uyu wafunda bulangete. Ubweya woyera, wothithikana, ngati thonje. Bwana, onani nokha."

Naguluu anapisa dzanja m'thumba, ndipo zala zake zinakagwira kaphukusi kaja.

A Dokotala anatenga pepalalo, n'kuika kagalasi kokuzira zinthu patsamba lotembenuza lija. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta kagalasiko ndi tayi, n'kuyang'ananso. Kenako anatenga lezala n'kutukula tsamba lina pang'ono.

"A Chipewa," anatero motsitsa, "uyu ndi Paliponse."

"Bulangete lija walichapa kapena?" anafunsa mmodzi wa amuna a kukampani, ndipo anthu anaphulika kuseka, ngakhale amene sankafuna.

A Chipewa analanda pepalalo n'kuyendetsa chala patsamba. Nkhope inagwa. "Linalipo," anatero. "Ndinaligwira ndi chala chomwechi." Anaona nambala pakona, inali yawo, yolemba okha. Ndiye anatembenuka, chipewa chili m'manja, n'kumuyang'ana mnzake wa zaka zonsezo.

"Anaguluu, pomata paja simunaone choyera kunsi kwa masamba?"

Mawu oyenera kunena anali ochepa: ndi ine, ndinayesa chuku, nachi m'thumba. Mwana wa sitandade wani akanawanena ndi mpweya umodzi. Tisanamizane kuti ankaopa kuchotsedwa ntchito. A Dokotala akanakalipa, mwina kumulembera kalata, basi. Chimene chinamutseka pakamwa ndi maso a anthu aja, ndi kuseka kumene kunali kusanazime, kumene kukanachoka pa dazi la a Chipewa n'kudzatera pa iye, mayi wa zaka makumi awiri ndi chimodzi zosalakwitsa.

"Ine ndinangomata, bambo," anatero.

Masana omwewo a Chipewa anathamangira kukamtunda kuja kuti akazule wina. Anapeza anthu oyeza malo atatchetcha kale udzu wonse n'kuutentha, pangotsala phulusa ndi zikhomo zopaka utoto wofiira. A Dokotala, amene pongomva kwa a Chipewa, chomeracho asanachione, anali atalembera kale anzawo akutali kuti kuno kwapezeka chodabwitsa, manyazi awo anasanduka ukali. M'mawa mwake anawaimiritsa a Chipewa m'chipinda chomwecho kuti apepese kwa eni kampani chifukwa chowachedwetsa ndi nkhani yopanda mutu. Mkuluyo anapepesa, nati mwina maso ayamba kumunamiza. Naguluu anali pabenchi lomwe lija, kumbuyo kwawo, akuyang'ana khosi lawo likutuluka thukuta. Sabata yotsatira mathirakitala analowa pamtundapo.

Kuyambira pamenepo a Chipewa sanatumidwenso okha kutchire. Kenako anasiyiratu kutumidwa. Anawaika m'chipinda choumitsira, kusintha nyuzipepala ndi kumanga malamba a zomera zotola anzawo. Achinyamata apantchito anawasintha dzina, n'kumawatcha a Bulangete, ndipo kukazizira ankafunsana mokweza kuti kodi lafika liti bulangete lija. Wina akawabweretsera a Chipewa chomera kuti atchule dzina, munthu amene kale ankatchula galimoto ikuthamanga, ankachiyang'ana n'kubweza. "Kafunseni a magalasi," ankatero, "ine ndingakunamizeni." Chipongwe cha patebulo la Naguluu nachonso chinatha. Ankangopereka moni waulemu n'kudutsa.

Kaphukusi kaja Naguluu anapita nako kunyumba kuti akakatenthe. Anayatsa machesi katatu, katatu konse n'kuzimitsa. Mapeto ake ubweya uja anaubisa m'chitini cha mabatani, ndipo tinjere, timene tinalipo khumi ndi kamodzi, anatifesa m'chitini chakale cha penti kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Mumtima ankapemphera kuti tisamere. Tinamera titatu. Titatulutsa masamba enieni anagwada, n'kutembenuza limodzi ndi chikhadabo. Kunsi kunali mbee. Anakhala pansi pomwepo, pamatope a pampopi, n'kulira ngati waferedwa.

Munthu wanzeru akananyamula chitinicho m'mawa mwake. Naguluu anati adikire maluwa atuluke, kuti umboni ukhale wokwanira. Maluwa atatuluka anati adikire a Dokotala abwere kutchuthi. Atabwera, anati papita kale chaka, adzandifunsa kuti unali kuti masiku onsewa. Chaka chachiwiri funso lomwelo linali litakula. Nthawi ina anaganiza zonama kuti wachipeza chitamera chokha m'mbali mwa njanji, koma anaona kuti akatero adzamuyamikira iyeyo, ndipo ganizolo analitaya. Zitini zinkangochuluka, chifukwa chaka chilichonse ankakolola njere n'kufesanso, poopa kuti zikafa m'manja mwake ndiye kuti wapha kawiri.

"Kodi Naguluu," ankatero mwamuna wake, amene anali dalaivala wopuma ntchito ndipo ankakonda tomato, "anzako amalima zodya, iwe ukuthirira udzu wa padzala? Madzi a bilu amenewa?"

"Zisiyeni, bambo."

"Kapena ndi mankhwala ondikhazika pakhomo? Nanga ndikupita kuti ine, ndi mawondo awa?"

Naguluu ankaseka nawo, koma zitini sankalola munthu kuzisuntha, ngakhale kuyanika nsanza pafupi.

Chodabwitsa n'chakuti mlandu umenewu unamuphunzitsa ntchito. Mayi amene ankati mayina n'za anthu a magalasi anayamba kutsala nthawi ya chakudya, n'kumatsegula makabati a timaluwa tija. Anawaphunzira abale onse asanu mpaka kuwadziwa ndi chala, maso atatsinzina. Anadziwa kuti wa tsinde lofiira akamera pamthunzi amabiriwira n'kunamizira Paliponse, koma tsinde lake limakhala ndi timizere. Anadziwa kuti timamba ta wa zikhadabo timagona tikapanidwa kwambiri, ndipo umayenera kutinyowetsa kuti tidzuke. Anadziwanso kusiyanitsa chuku ndi ubweya: chuku chimamera mwa mawangamawanga, pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo chimanunkha, ubweya umayala mofanana, kunsi kokha, motsata mitsempha ya tsamba. Ophunzira a kukoleji anayamba kutumizana kwa iye. "Pitani kwa mayi a pawindo lachitatu, sakuphonya." Aliyense ankamuuza chimodzimodzi: choyera chimene sukuchidziwa, usachikhudze, funsa kaye. Ankamuyamika kuti ndi mphunzitsi wabwino, ndipo kuyamikako kunkamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Chimene anatha kuwachitira a Chipewa ndi tiyi basi. Tsiku lililonse nthawi yopuma ankawapangira kapu, shuga masupuni awiri, n'kukawapatsira m'chipinda choumitsira, n'kuima pakhomo mpaka amwe. Mawu aja ankafika pakhosi, kenako n'kubwerera. "Zikomo, mayi," ankatero a Chipewa, "inu nokha ndiye simunanditaye." Naguluu ankatenga kapu n'kukaitsuka nthawi yaitali kuposa mmene kapu imafunira. A Chipewa atapezeka ndi matenda a shuga, iye anasiya kuwaikira shugayo, koma tiyi sanasiye, zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka tsiku limene mkuluyo anapuma ntchito. Anachoka popanda mwambo, chipewa kumutu, katundu wawo yense m'jumbo imodzi.

Patapita zaka zina zitatu, Naguluu anakumana ndi mkazi wa a Chipewa pamzere wa kuchipatala. Atapatsana moni anafunsa za bambo.

"Maso anatheratu," anatero mayiyo. "Shuga uja. Koma zimenezo anazilandira. Chimene chikundidetsa nkhawa n'china. Akumauza adokotala kuti mutu wawo unayamba kusokonekera kalekale, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, tsiku limene anagwira chinthu chimene kunalibe. Ndiye pano chilichonse amakayikira. Ndikawapatsa supuni amafunsa, 'Kodi ndi supunidi imeneyi?' Adzukulu akabwera amaopa kuwatchula mayina. Munthu uja anali wamakani, mukumudziwa inu. Pano ukawauza kuti lero ndi Lachiwiri pamene ndi Lachisanu, amangovomera."

Naguluu anaiwala chimene anadzera kuchipatalako. Zaka zonsezi ankadziuza kuti anawalanda a Chipewa ulemu wapantchito, ndipo ntchito inatha, ndiye mwina bala linapola. Sankadziwa kuti bamboyo anamukhulupirira iye kuposa chala chawo chomwe.

Loweruka masana anasankha chitini chimene chinali ndi maluwa ambiri, n'kuchikulunga m'nsalu, ndipo kaphukusi ka ubweya anakachotsa m'mabatani n'kukaika m'chikwama. M'basi kondakitala anafuna kuti chitinicho chilipire mpando, iye n'kuchiika pamiyendo, dothi likumudetsa diresi. Anapeza a Chipewa atakhala pampando wapulasitiki pakhonde, chipewa chili kumutu, nkhope italoza kumene kunkachokera phokoso la msewu. Anali ataonda. Mkazi wawo anamulandira n'kulowa m'nyumba kukateleka madzi.

"Fungo la mankhwala a njenjete," anatero a Chipewa akumwetulira. "Kapena ndikunama? Ndi Anaguluu?"

"Ndine, bambo. Simukunama."

"Mwabwera kudzandiyeza pepala londimatapo?"

Chipongwe chakale chija chinamulasa Naguluu. Anagwada, n'kumasula nsalu, n'kuika chitini pakati pa mapazi awo. Anagwira dzanja lawo n'kuliika pamaluwa.

A Chipewa anayamba ndi duwa, kulizungulira ndi nsonga za zala. Anatsikira ku timamba ta pansi pake. Anatsata tsinde. "Paliponse," anatero. "Mwandinyamulira Paliponse ulendo wonsewu?" Ndiye chala chachikulu, mwa chizolowezi cha zaka makumi anayi, chinalowa chokha kunsi kwa tsamba. Chinaima. Chinayendanso pang'onopang'ono, kupita ndi kubwerera. Anagwira tsamba lina, ndi linanso. Kenako anachotsa dzanja msanga ngati agwira mbaula, n'kulibisa m'khwapa.

"Mayi," anatero ndi mawu aang'ono, "ndiuzeni zoona, musandimvere chisoni. Pali chimene ndikumva apa. Chilipodi?"

"Chilipo, bambo. Ndi bulangete. Loyera mbee, masamba onse."

"Mwamupeza kuti?"

"Ndi mwana wanu yemwe uja. Njere zake."

Ndipo anawauza zonse, ali chogwada pasimenti: za chuku cha chaka chija, za burashi ndi sipiliti, za kaphukusi ka m'thumba, za zitini za kuseri kwa nyumba. Sanadzichepetsere mlandu. Anatulutsa kaphukusiko n'kukaika m'manja mwawo, nyuzipepala yake itasanduka yachikasu. A Chipewa anakafumbata osakatsegula.

"Tsiku lija ndinakufunsani," anatero pamapeto pake, "kanali kuti aka?"

"M'thumba. Dzanja langa linali pomwepo."

"Nanga m'mawa mwake, pamene ndinkapepesa?"

"Ndinali kumbuyo kwanu."

A Chipewa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Naguluu ankayembekeza kuti amukalipira, amutukwana, amuthamangitsa, ndipo ankazifuna zimenezo ngati munthu waludzu. Koma mkuluyo anatembenukira kukhomo n'kukuwa ndi mawu amene anthu anali atawaiwala, mawu oimitsa galimoto aja.

"Mayi! Tabwerani kuno! Siyani madziwo, bwerani!"

Mkazi wawo anatuluka akuthamanga, akupukuta manja.

"Gwirani apa. Kunsi, kunsi. Mukumva chiyani?"

"Ubweya," anatero mayiyo modabwa. "Ngati thonje."

"Ndiye ameneyo! Ndinamuona! Zaka zonsezi, mayi, mutu wanga unali bwinobwino!" Anaseka, misozi ikutsika m'maso osaonawo, akumenya chitini ndi chikhatho. "Lero ndi Loweruka, eti? Ndi Loweruka, ndikudziwa, pamsewu palibe ana a sukulu. Munthu asadzandiuzenso tsiku ine!"

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana Naguluu amene anali chigwadire nkhope ili pansi, ndipo anamvetsa zokwanira. Analowa m'nyumba. Atabwera ndi makapu awiri, a Chipewa anamva kulira kwa masupuni, ndipo kuseka kunawathera.

"Tiyi uja," anatero, osatembenukira kwa Naguluu. "Zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkabwera kuno n'kumawauza mayi awa kuti pantchito ponse paja pali munthu mmodzi wa mtima wabwino, amene sandiseka ngakhale ndinalakwitsa. Ndinkakupemphererani, Anaguluu. Ndinkachita manyazi kuti ndinakufunsani funso lija pagulu, ngati ndikukunamizirani."

Kapu ya Naguluu inazirala pomwe anaiika mayi aja.

A Chipewa anaitanitsa mpeni. Anafufuza m'chitini ndi zala mpaka anapeza tsinde lokhala ndi maluwa otseguka, ena ofota, ndi masamba akuluakulu a pansi, n'kulidula mwaluso ngati akuona. Anaitanitsa nyuzipepala, n'kuliyala okha, n'kupinda, n'kumupatsa Naguluu pamodzi ndi kaphukusi kaja.

"Nambala yake ndi yomwe ija, mukuikumbukira?"

"Sindinaiiwalepo."

"Malo mulembe oona: njere za pamtunda wa kufakitale ya njerwa, zofesedwa m'chitini. Wotola mulembe ine. Zinazo mukanene ndi pakamwa panu, pamaso pa onse, m'chipinda chomwe chija. Ine sindibwera, ndinaimamo kale." Anakokera chitini pafupi ndi mwendo wawo. "Ichi chitsala kuno."

"Mundikhululukira, bambo?"

"Kaya," anatero a Chipewa. "Lero ndatanganidwa. Ndili ndi mlendo amene ndamudikira zaka zisanu ndi zinayi." Chala chawo chinali chitabwerera kale kunsi kwa tsamba, ndipo sanamutsanzike pamene ankatuluka pageti.

Chomeracho chinatenga masiku asanu ndi atatu kuti chiume, ndipo Naguluu ankasintha nyuzipepala yekha m'mawa uliwonse. Anachimata Lolemba linalo, n'kutembenuza tsamba lalikulu koposa onse, ndipo ubweya wakale uja anauika m'kaenvulopu n'kumata pambali, pamene unayenera kukhala kuyambira kale. Guluu atauma anapita kukagogoda kwa a Dokotala, amene tsopano tsitsi linali litayera, n'kuwapempha kuti aitane antchito onse kuchipinda chowerengera nthawi yopuma.

"Onse? Kwagwanji, Anaguluu? Mukupuma ntchito?"

"Ayi, bwana. Pali funso limene a Chipewa anandifunsa."

Anthu atadzaza mabenchi, ena makapu ali m'manja, achinyamata aja akunong'onezana, Naguluu anapita kutsogolo, pamalo pamene anaima a Chipewa tsiku lija. Anaika patebulo mapepala awiri moyandikana, lakale ndi latsopano, a nambala imodzi. Kenako anapisa dzanja m'thumba la chijasi, n'kutulutsa burashi, n'kuiika pakati pawo.